Pampu ikungolira, madzi osabwera: musathamangire kugula ina

Nyumba zambiri za kuno ku Harare, kuyambira ku Mabvuku ndi Tafara mpaka ku Mufakose ndi Dzivarasekwa, zikudalira thanki masiku ano. Madzi a khonsolo ochokera kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray amabwera tsiku limene afuna, ndiye amene angakwanitse amaika thanki ya malita 2,500 kapena 5,000 ndi kapampu kokankhira madzi m'nyumba, ena mpaka kukumbitsa borehole pabwalo. Dandaulo limene silikutha ndi lomweli: magetsi a ZESA akabwera pampu imalira koma pampopi pamangotuluka mpweya, kapena imayaka n'kuzima usiku wonse popanda amene watsegula madzi. Mwini nyumba amangoti "yapsa iyi", n'kukagula ina, yatsopanoyo n'kuyambanso zomwezo mwezi usanathe. Kawirikawiri pampuyo imakhala ilibe mlandu. Chimene chalakwika chimakhala valavu yoletsa madzi kubwerera, mpweya wa m'kathanki ka pulesha, kapena paipi yokokera madzi.

Musanagwire chilichonse zimitsani magetsi pa isolator (switchi yodula magetsi opita ku pampu) kapena zulani pulagi. Pampu ya otomatiki imene yakhala chete imatha kudzuka yokha manja anu ali pa fani.

Ikulira koma sikukoka

Pampu za m'nyumbazi zili ndi impela, kagudumu ka mapiko kamene kamazungulira nthawi pafupifupi 2,850 pa mphindi. Kagudumuka kamaponya madzi, koma mpweya ndi wopepuka kwambiri moti sikangauponye. Mpweya ukangodzaza m'mutu mwa pampu, mota imazungulira bwinobwino koma palibe chimene chikuyenda. Ichi n'chifukwa chake vutoli limakonda kuoneka magetsi akakhalitsa osabwera: pa maola onse amene pampu inali chete, madzi anali kutsika pang'onopang'ono kubwerera kumene anachokera, mpweya n'kulowa m'malo mwake.

Musaisiye ikulira kuti mwina ikoka yokha. Pakati pa mota ndi mutu wa pampu pali mechanical seal, timphete tiwiri, china cha kaboni china cha seramiki, timene timakhulana ndipo timaziziritsidwa ndi madzi omwewo. Popanda madzi timatentha m'mphindi zochepa n'kung'aluka. Mukaona madzi akudontha pansi pamene mota yalumikizana ndi mutu, dziwani kuti seal yapita kale. Imeneyi imasinthidwa payokha. Tengani yakaleyo popita kogula chifukwa amaiyeza potengera kunenepa kwa shafiti, ndipo 12 mm ndi 14 mm sizilowerana.

Ngati thanki ili pamwamba kuposa pampu, ntchito ndi yochepa. Onani kaye kuti muli madzi (zimachitika ndithu kuti munthu waitana pulambala thanki ili gwa), onani kuti valavu ya pathanki ndi yotsegula, kenako masulani pang'ono kabawuti kamene kali pamwamba pa mutu wa pampu. Mumva mpweya ukutuluka, kenako thovu, kenako madzi okhaokha. Mangani, yatsani, mpopi umodzi uli wotsegula.

Ngati pampu ikukoka kuchokera pansi, m'chitsime kapena m'thanki yokwirira, chotsani kabawutiko n'kuthira madzi ndi jagi mpaka asefukire. Apa musafulumire kutseka. Dikirani mphindi zisanu mukuyang'ana pabowopo. Madzi akakhala pomwepo, foot valve, valavu yoletsa madzi kubwerera ya kumapeto kwa paipi, ili bwino. Akamatsika, ndiye kuti ikuchucha, ndipo ngakhale muthire kakhumi, mawa m'mawa mudzathiranso.

Pali china chimene ogulitsa sanena. Pabokosi pamalembedwa kuti pampu imakoka mamita 8, koma kumeneko ndi kugombe la nyanja yaikulu. Pampu sikoka madzi ndi mphamvu yake yokha; imachotsa pulesha m'paipi, ndipo kulemera kwa mpweya wa kunja ndi kumene kumakankhira madziwo m'mwamba. Kugombe mpweyawo ungakweze madzi mamita 10.3. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kuno mpweya ungawakweze mamita 8.6 okha. Choncho pa nambala ya pabokosi chotsanipo pafupifupi mamita awiri, muchotsenso zimene zimatayika m'makona ndi m'kutalika kwa paipi. Kupitirira mamita 6 musayembekezere zabwino. Ndipo muyeze kuchokera pamwamba pa madzi kufika pa pampu mu Okutobala, madzi atatsikiratu, osati mu Febuluwale. Pampu imene imagwira bwino nthawi ya mvula n'kuyamba phokoso la ngati ikupera timiyala dzuwa likafika pachimake yafika pamalire amenewa. Itsitseni kufupi ndi madzi, kapena ikani yomira.

Bowo la mbali yokokera ndi lovuta kulipeza chifukwa silidontha pampu ikamagwira, limangoyamwa mpweya. Pakani thovu lometera ndevu pa joini iliyonse pampu ikuyenda. Pamene thovu likulowa mkati ndi pomwepo. Masulani, pukutani, kulungani thread tape maulendo khumi kapena kuposerapo motsatira mmene mazinga akumangira, ndipo onani kalabala ka mu union (cholumikizira mapaipi chomasuka) ngati sikanaphwanyike. Paipi yokokera isachepe kuposa khomo la pampu. Khomo likakhala 25 mm ndipo mtunda ndi wautali, ikani 32 mm. Iziyenda mokwera pang'onopang'ono mpaka pa pampu, popanda linunda pakati, chifukwa mpweya umakhala pa linundapo.

Ikuyaka n'kuzima yokha

Apa geji ya pulesha ndi imene imaweruza, ndipo ngati pampu yanu ilibe geji, gulani, ndi yotchipa kuposa chilichonse chimene mungasinthe mongoganizira. Lolani pampu idzaze mpaka izime yokha. Tsekani valavu yopita m'nyumba. Yang'anani singano kwa mphindi khumi.

Singano ikaima nji, pampu ndi mavalavu ake zili bwino, madzi akuthawira m'nyumba. Woyamba kumukayikira ndi thanki ya chimbudzi, imene imatha kuchucha mwakachetechete osamveka. Thirani kadontho ka utoto wa zakudya m'thankimo, pakapita kanthawi muone ngati mtunduwo wafika m'mbale. Kenako valavu ya giza imene imadonthera padenga, kenako paipi yokwiririka.

Singano ikamatsika valavu ya m'nyumba ili yotseka, madzi akubwerera m'mbuyo kudzera pa non-return valve, valavu yoletsa madzi kubwerera ija. Kavalavu aka ndi kophweka: kambale kokhala ndi labala, kasipulingi kokakankhira pampando wake, basi. Kamchenga kamodzi kokha kakakhala pampandopo ndiye kuti sikatsekanso. Ndipo kuno mchenga susowa. Madzi a khonsolo akabwera patapita masiku, oyambirira amakhala ofiira ndi dzimbiri ndi matope a m'mapaipi akale, ndipo zonsezo zimakakhazikika pansi pa thanki, pomwe pali khomo lopita ku pampu. Masulani valavuyo, itsukeni, muithire madzi kuchokera mbali yotsutsana ndi muvi wojambulidwa pathupi pake. Isadonthe ngakhale pang'ono. Labala ikakhala yolimba kapena yodyeka, kapena sipulingi yachita dzimbiri, sinthani yonse. Pobwezera muvi uloze kumene madzi akupita. Ikakhala ya mtundu wa kachitseko kolendewera, yopanda sipulingi, imafuna kugona chopingasa kapena kuima madzi akukwera. Mukaiika madzi akutsika sidzatseka.

Kuti zisabwerenso, ikani strainer (kasefa kogwira mchenga ndi zinyalala) pakati pa thanki ndi valavuyo, muziitsuka mwezi ndi mwezi, ndipo thanki muziitsuka kamodzi pachaka. Fyuluta ya katiriji yosefa kwambiri ikhale mbali imene madzi amatulukira mu pampu, osati mbali yolowera, chifukwa ikatsekeka ili mbali yokokera imaimana pampu madzi.

Malo a valavuyi nawonso ndi nkhani. Pa pampu yokhala ndi pressure switch (switchi yoyatsa ndi kuzimitsa pampu potengera pulesha) ndi kathanki ka pulesha, non-return ikhale pakhomo lolowera madzi. Isakhale pakati pa switchi ndi kathankiko. Zikatero switchi imaona pulesha ina, kathanki kali ndi ina, ndipo pampu imangoti ga-ga-ga osakhazikika.

Kathanki kofiira kapena kabuluu kaja

Ngati pampu imakhala chete mipopi ikatsekedwa, koma mukangotsegula imayaka n'kuzima pa masekondi awiri kapena atatu alionse, vuto lili m'kathanki ka pulesha. Mkati mwake muli chikhodzodzo cha labala cholandira madzi, ndipo kunja kwa labalayo kuli mpweya wopopedwa. Madzi sapanikizika, mpweya ndi umene umapanikizika, ndiye mpweyawo ukatha pulesha imakwera n'kugwa nthawi yomweyo.

Kumbuyo kwa kathankiko kuli kavalavu kofanana ndendende ndi ka tayala la galimoto. Ndi valavu ya Schrader, imene inalembetsedwa patenti ku America mu 1893, ndipo mazinga ake ndi amodzimodzi ndi a pa tayala, moti geji ya matayala ndi pampu ya njinga kapena ya galimoto zimakwanira. Dinani kapini ka pakati. Pakatuluka madzi, labala yang'ambika. Pa mathanki okhala ndi mabawuti kukamwa labalayo imasinthidwa, pa osamasuka mumagula kathanki kena. Pakapanda kutuluka kanthu, kapena kampweya kochepa, ndi kupopa basi.

Koma popopa ndi pamene ambiri amaphonya. Mpweya umayezedwa pampu ili yozima, mpopi uli wotsegula, geji ya madzi ili pa ziro. Mukayeza madzi ali mkati, mukuwerenga pulesha ya madzi. Mpweya ukhale wotsika ndi 0.2 bar (bar ndi muyeso wa pulesha wa pa geji) kuchokera pamene pampu imayakira. Maswitchi ambiri amabwera atatcheredwa kuyaka pa 1.4 bar n'kuzima pa 2.8 bar, ndiye mpweya ukhale 1.2 bar. Zikakhala choncho kathanki ka malita 24 kamapereka madzi pafupifupi malita 8 pampu isanayake. Yezani ndi ndowa: mukapeza lita imodzi kapena awiri, china chake sichili bwino. Mukapopa mopitirira, madzi amaduka kaye pampopi pampu isanayake. Mukamaliza pakani malovu kapena sopo pakavalavuko. Kakamatulutsa thovu, mangani kapini ka mkati kapena kasintheni ndi ka tayala. Muziyeza miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Za switchi yokhayo tinene mwachidule. Pansi pa chivundikiro pali manati awiri: yaikulu imakweza kapena kutsitsa poyakira ndi pozimira pamodzi, yaing'ono imasintha mpata wa pakati pake. Bar imodzi ndi mamita 10 a madzi, ndiye pampu yolembedwa H max 35 m singapitirire 3.5 bar. Wina akamanga nati kuti shawa ikhale yamphamvu n'kuika pozimira pamwamba pa zimene pampu ingafike, pampuyo sidzazima, idzangotenthetsa madzi m'mutu mpaka mapaipi a pulasitiki afewe. Kabowo kolowera madzi pansi pa switchi nakonso kamatsekeka ndi dzimbiri. Katokoseni ndi kawaya.

Amene muli ndi controller yamagetsi (kabokosi koyatsa ndi kuzimitsa pampu kokha) m'malo mwa switchi ndi kathanki, dziwani kuti ili ndi non-return yakeyake mkati, ndipo ndi yomweyo imene imaiuza ngati madzi akuyenda. Kachinyalala kakaikakamiza kukhala yotsegula, pampu siizima. Nyale yofiira ikayaka, yadziteteza chifukwa inasowa madzi: chotsani mpweya kaye, kenako dinani reset. Ma controller ambiri amayatsa pampu pa 1.5 bar, ndiye mpopi wapamwamba kwambiri usapitirire mamita 15 kuchokera pa controller.

Ikungong'ung'udza osazungulira

Zimitsani msanga, waya wa mkati angapse. Lowetsani sikuludiraiva pakati pa chivundikiro cha fani n'kuyesa kuzunguza shafiti. Ikakhala yolimba, impela yagwidwa ndi dzimbiri. Izi zimakonda tipampu ting'onoting'ono ta 0.37 kW tokhala ndi impela ya mkuwa m'thupi la chitsulo, tikakhala masabata osagwira ntchito. Kuipotoza uku ndi uku kumaimasula. Shafiti ikamazungulira mosavuta, kayikirani capacitor (kachitini kothandiza mota kuyamba kuzungulira) ya m'kabokosi ka mawaya. Yotupa kapena yotuluka mafuta yatha. Gulani ya nambala ya µF yomweyo imene yalembedwa pathupi pake, ya 450 V, ndipo musagwire mawaya ake musanaichotse moto umene imasunga.

Magetsi akamabwera kumene amatha kukhala otsika kapena odumphadumpha, pamene nyumba zonse zikuyatsa zinthu nthawi imodzi. Kachipangizo koteteza volteji kochedwetsa kuyaka ndi mphindi zitatu kamapulumutsa mota zambiri. Pa inveta kapena jenereta kumbukirani kuti mota poyamba kuzungulira imakoka mphamvu kangapo kuposa yolembedwa pambale yake.

Za m'borehole

Pampu yomira imene ili pansi pa borehole yanu ndi mdzukulu wa ya Armais Arutunoff, amene anasamukira ku America kuchokera ku Russia n'kulandira patenti mu 1926 pa mota yaitali yopyapyala yogwira ntchito itamira. Ku America inayamba kupopa m'zitsime za mafuta. Iyi ilibe vuto la kukoka chifukwa imakankha kuchokera pansi, ndiye kukwera kwa Harare sikuikhudza. Mavuto ake ndi ena. Ikamatulutsa madzi bwino kwa mphindi zingapo kenako n'kuyamba kulavula mpweya, makamaka kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, ndiye kuti ikutunga mofulumira kuposa mmene madzi akulowera m'borehole. Tsekani pang'ono gate valve (valavu yotsegula ndi kutseka madzi) ya pamwamba mpaka madzi aziyenda osaduka, ndipo ikani choteteza kuti izizima madzi akatha. Kuitsitsa mpaka pansi penipeni si mankhwala, kumeneko imakayamwa mchenga umene umadya maimpela.

Ikamachedwa kufikitsa madzi pamwamba nthawi iliyonse mukaiyatsa, non-return ya pamutu pake ikuchucha kapena paipi yabooka m'kati mwa borehole. Musazengereze nazo. Madzi obwerera amazunguza pampu chobwerera m'mbuyo, ndipo magetsi akabwera pa nthawi imeneyo shafiti imatha kuthyoka.

Malangizo otseka gate valve aja ndi a pampu ya maimpela yokha. Pali mtundu wina, wa chitsulo chopotoka chozungulira m'kati mwa labala, umene René Moineau wa ku France anatulukira cha m'ma 1930. Ndi umene uli m'mapampu a Mono ndi m'mapampu ambiri a sola okweza madzi ochepa kuchokera pakuya. Uwu umakankha mlingo womwewo wa madzi pa kuzungulira kulikonse, kaya njira ndi yotsegula kaya ndi yotseka. Mukautsekera, pulesha imakwera mpaka paipi iphulike kapena mota ipse. Ukayenda wopanda madzi, labala imapsa mwamsanga. Choncho float valve ya mpira pathanki siyenera kukhala yokha pa pampu yotere. Pamafunika float switch yozimitsa magetsi thanki ikadzaza.

Pa mijigo ya m'madera, imene kuno ndi Bush Pump, matenda ndi omwewa. Mukamapopa kambirimbiri m'mawa madzi asanafike, foot valve ya pansi ikuchucha kapena joini ya paipi yamasuka. Chogwirira chikapepuka ndipo madzi akubwera ochepa, ma seal a pisitoni adyeka.

Pogula zosinthira

Mawu akuti "patented" pabokosi asakukopeni. Patenti ndi chilolezo chimene boma limapatsa wotulukira luso kuti ena asapange chofanana nacho popanda kumupempha, ndipo chimatha pakapita zaka 20. Likulu la ARIPO, bungwe lolembetsa mapatenti m'mayiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Malawi ndi Zimbabwe, lili konkuno ku Harare, ndipo pangano lake la mapatenti, Harare Protocol, ndi la 1982. Koma patenti imangonena kuti lusolo linali latsopano pa nthawiyo, sinena kuti chinthucho n'cholimba. Za Schrader, Arutunoff ndi Moineau zinatha kalekale, n'chifukwa chake fakitale iliyonse ikupanga zake. Bush Pump ndiye siinalembetsedwe n'komwe: Tommy Murgatroyd anaipanga mu 1933 ku Plumtree, Peter Morgan anakonza mtundu wa B m'ma 1980, ndipo mapulani ake ndi a aliyense, monganso Afridev imene inayambira ku Malawi.

Ndiye kusiyana kwa valavu yabwino ndi yachabe kuli pa zimene aipangira. Inyamuleni m'manja: ya mkuwa weniweni imalemera, yopepuka yonyezimira kwambiri nthawi zambiri ndi chitsulo chosalimba chongopakidwa mtundu, ndipo imang'aluka pamazinga mukamanga ndi sipanala. Suzumirani mkati muone ngati sipulingi ndi ya stainless ndiponso ngati kambale kali ndi labala. Ipemerereni ndi pakamwa motsutsana ndi muvi musanalipire. Tengani yakale kuti mufananitse saizi, chifukwa "inchi imodzi" ya mazinga ndi 25 mm ya paipi ya pulasitiki sizilumikizana popanda adaputa yake.

Chimodzi chokha chimene sitingakulangizeni ngakhale pulesha ya khonsolo ichepe bwanji ndi kulumikiza pampu mwachindunji ku paipi ya khonsolo. Pampu ikamayamwa m'paipi yopanda madzi okwanira, imakokanso madzi a m'nthaka kudzera m'ming'alu, ndipo m'madera ambiri mapaipi a madzi ayandikana ndi a suweji otayikira. Anthu a ku Budiriro ndi Glen View akukumbukira kolera ya 2008 ndi ya 2018. Madzi a khonsolo azigwera m'thanki kudzera pa float valve, khomo lake lili pamwamba pa mlingo wa madzi, ndipo pampu izitenga kuchokera m'thankimo. Ngati paipi ya khonsolo ndi ya pampu zimakumana polowa m'nyumba, ikani non-return ndi valavu yotseka pa mbali ya khonsolo, apo ayi pampu yanu idzakhala ikupopera madzi a m'thanki mwanu kubwerera kumsewu usiku wonse.